Jini ya cohesin ikakana kuchoka mu Fusarium: kodi ndiyo imadwalitsa chimanga?

Funso: Ndikuchita digiri yachiwiri pa za matenda a mbewu, ndipo ndikufufuza Fusarium verticillioides amene ndinamupeza m'chimanga chowola. Ndakhala ndikuyesa kuchotsa jini yofanana ndi SCC1, imodzi mwa majini amene amagwirizira makromozomu pamodzi selo lisanagawikane. Fangasi amamera ndithu pa mbale za hygromycin, mankhwala opha fangasi aliyense amene sanalandire chidutswa changa cha DNA, koma PCR, njira yochulukitsira DNA kuti ioneke, ikuonetsa kuti jini yakale ikadalimo. Kodi ndikulakwitsa pati? Ndipo ngati fangasiyu sangakhale popanda jiniyi, kodi ndingalembe kuti ndi jini yoyambitsa matenda, komanso kuti ingatithandize kupeza mankhwala atsopano?

Yankho: Musafulumire kudziimba mlandu. Zimene mukuona pa gel yanu, pamene zotsatira za PCR zimaonekera ngati mizere, ndi zimene ndingayembekezere kwa munthu amene wagwira ntchito yake bwino pa jini imene fangasi sangakhale nayo moyo itachoka. Fangasiyo wakuyankhani kale, kungoti yankho lake silinabwere ngati chomera chatsopano pa mbale monga munkafunira. Kuti mulimve yankholo, tiyambe taona ntchito imene SCC1 imagwira m'selo, chifukwa zonse zimene mwafunsa zikuchokera pamenepo.

Selo lisanagawikane limakopera DNA yake yonse, ndiye kromozomu iliyonse imasanduka mapasa awiri ofanana ndendende. Mmodzi ayenera kupita ku selo latsopano ili, mnzake ku selo linalo. Vuto ndi lakuti selo lilibe maso oti lizindikire kuti awa ndi mapasa a kromozomu yachitatu, awo ndi a yachisanu ndi chiwiri. Njira imene limagwiritsa ntchito ndi yongowamanga pamodzi kuyambira nthawi imene akukoperedwa. Taganizani nsungwi ziwiri zomangidwa ndi luzi m'malo ambirimbiri, munthu wina akukokera nsungwi imodzi kum'mawa, wina akukokera inayo kumadzulo. Luzi likadali lolimba, onse awiri amamva kukokana, ndipo kukokanako ndiko kumawatsimikizira kuti aliyense wagwira yake. Luzi lonse likadulidwa nthawi imodzi, nsungwi zimasiyana bwinobwino, iyi uku, iyo uko. Koma luzi likasowa kuyambira pachiyambi, palibe kukokana, ndipo munthu mmodzi akhoza kuchoka ndi nsungwi zonse ziwiri mnzake n'kutsala chimanjamanja.

Luzi limenelo m'selo ndi gulu la mapuloteni lotchedwa cohesin. Awiri aatali, Smc1 ndi Smc3, amalumikizana kumapeto amodzi, ndipo kumapeto enawo mitu yawo imalumikizidwa ndi puloteni yachitatu, imene ndi Scc1 yanuyo. Zitatuzi zimapanga mphete imene DNA imalowamo. Yachinayi, Scc3, imakangamira pa Scc1. Gululi linadziwika mu 1997 kuchokera ku yisiti ya Saccharomyces cerevisiae, pa ntchito ya gulu la Kim Nasmyth ku Vienna ndi ya Vincent Guacci, Douglas Koshland ndi Alexander Strunnikov ku America, amene jini yomweyo anaitcha MCD1. Mu yisiti ina, Schizosaccharomyces pombe, jiniyi inali itapezeka kale ndi dzina lakuti rad21, chifukwa maselo amene jiniyi inali yowonongeka ankafa msanga akawombedwa ndi cheza chowononga DNA. Mu 1999 Frank Uhlmann ndi anzake anaonetsa kuti nthawi yosiyana ikakwana, puloteni yotchedwa separase imadula Scc1 m'malo awiri, mphete n'kutseguka. Separase simadula nthawi ina iliyonse chifukwa imakhala yogwiridwa ndi securin, mpaka gulu lina lotchedwa APC litaphwanya securin. Palinso Scc2 ndi Scc4 amene amakweza mphete pa DNA, Eco1 imene imaikhoma kuti isatseguke pa nthawi yokopera DNA, ndi Wpl1 imene imaimasula.

Anthu ambiri akamawerenga mbiri imeneyi amaganiza kuti yonse ndi ya yisiti, koma mafangasi aulusi ngati anuwo anathandizapo kwambiri. M'zaka za m'ma 1970 Ron Morris anasonkhanitsa mitundu ya Aspergillus nidulans imene inkalephera kugawa nyukiliyasi kukatentha, ndipo ina anaitcha bim. Patapita zaka kunadziwika kuti bimB ndi separase, pamene bimD ndi Pds5, puloteni imene imayenda limodzi ndi cohesin. Jini ina, sudA, imene inapezeka chifukwa kusintha kwake kunkachiritsa vuto la bimD, inapezeka kuti ndi SMC3. Ndikukuuzani izi kuti mukawerenge ntchito za Aspergillus zimenezo, chifukwa fangasi amene mukulimbana naye ndi wachibale kwambiri ndi Aspergillus kusiyana ndi yisiti yofufumitsira buledi, ndipo mmene ulusi wake umaonekera zinthu zikasokonekera n'chimodzimodzi.

Tsopano tibwere pa gel yanu. Fusarium amakhala ndi kope limodzi lokha la kromozomu iliyonse m'nyukiliyasi yake. Mukachotsa SCC1, palibe kope lina loti ligwire ntchito m'malo mwake. Nanga bwanji chinachake chikumera pa hygromycin? Pali njira ziwiri zodziwika, ndipo muyenera kuzisiyanitsa musanachite china chilichonse. Yoyamba ndi yakuti chidutswa chanu cha DNA chokhala ndi jini ya hph, yoteteza fangasi ku hygromycin, chinalowa pamalo ena achabe m'kromozomu, osati pamene pali SCC1. Zimenezi zimachitika kawirikawiri mu mafangasi aulusi, n'chifukwa chake ofufuza ena amayamba achotsa ku70 kapena ku80, majini amene amalumikiza DNA mwachisawawa, kuti chidutswa chizilowa pamalo pake. Yachiwiri ndiyo yosangalatsa. Ma protoplast, maselo ochotsedwa khoma, amene mumapanga kuchokera ku ulusi akhoza kukhala ndi manyukiliyasi angapo, komanso PEG, mankhwala othandiza DNA kulowa m'selo, imawaphatikiza. Ndiye nyukiliyasi imodzi imalandira hph n'kutaya SCC1, ina imatsala ndi SCC1 yake koma ilibe hph. Popeza zili m'ulusi umodzi ndipo zikumwera m'madzi amodzi a selo, iyi imateteza inzake ku mankhwala, inzakeyo n'kumapangira zonse ziwiri puloteni ya Scc1. Fangasi wotereyu amatchedwa heterokaryon, ndipo amamera pa hygromycin mosadandaula.

Kuti mudziwe njira imene yachitika, pangani PCR ina: primer imodzi, kachidutswa ka DNA koyambira PCR, ikhale mkati mwa hph, inayo ikhale kunja kwenikweni kwa chidutswa chimene munagwiritsa ntchito polozera malo, m'DNA ya fangasi imene simunaikhudze. Mzere ukaoneka pa PCR imeneyi, uku mzere wa jini yakale ukuonekanso, ndiye kuti kuchotsa kunatheka ndithu m'manyukiliyasi ena. Apa m'pamene F. verticillioides amakukomerani mtima. Tinjere take ting'onoting'ono, ta microconidia, timene timabadwa m'mizere yaitali ngati mwaika KCl m'chakudya chake, kawirikawiri kalikonse kamanyamula nyukiliyasi imodzi. Tinjereti timalekanitsa manyukiliyasi awiri aja. Tengani tinjere kuchokera pa heterokaryon, mufese tina pa chakudya chopanda mankhwala, tina pa chokhala ndi hygromycin. Popanda mankhwala mudzaona zomera zambiri zathanzi, zonse zokhala ndi SCC1. Pa hygromycin simudzaona chomera chooneka ndi maso, koma musataye mbaleyo. Dulani kachidutswa ka agar, chakudya cha m'mbalemo, usiku umodzi ukangodutsa, muike pa maikulosikopu. Tinjere topanda hph tidzakhala titangokhala phee. Pakati pake padzakhala tina timene tatupa n'kutulutsa kaulusi kakafupi, kenako n'kuima. Timeneto ndi timene mwakhala mukufuna miyezi yonseyi. Tipakeni DAPI kuti DNA iwale, ndi Calcofluor kuti makoma aoneke, ndipo muyang'ane zinthu ngati izi: nyukiliyasi imodzi yaikulu ndi ina yaing'ono m'malo moti zikhale zofanana, chipinda cha ulusi chopanda DNA n'komwe, DNA yotambasuka ngati ulusi wopyapyala pakati pa manyukiliyasi awiri, kapena khoma latsopano limene ladula DNA pakati. Njira imeneyi inalongosoledwa bwino ndi Aysha Osmani, Berl Oakley ndi Stephen Osmani mu 2006 pa Aspergillus nidulans, ndipo umboni wake ndi wolimba kuposa kungolemba kuti ndinayesa kambirimbiri osapeza kanthu.

Nthawi zina kanjere kamodzi kamamera bwinobwino pa hygromycin n'kumaonetsabe mizere yonse iwiri. Chomera chimenecho chisungeni mosamala. N'kutheka kuti nyukiliyasi yake ili ndi makope awiri a kromozomu imeneyo, limodzi lochotsedwa jini, lina lathunthu, ndipo imeneyo ndi nkhani yokhudza kagawidwe ka makromozomu komwe mukufufuzako.

Chenjezo lina laling'ono: mafangasi amenewa ali ndi majini awiri a banja limeneli, RAD21 kapena kuti SCC1 ya kugawikana kwa masiku onse, ndi REC8 ya meiosis, kugawikana kwapadera kwa nthawi yoberekana. Amafanana kumayambiriro ndi kumapeto kwa puloteni, pakati n'kusiyana kwambiri. Onetsetsani pa FungiDB, nkhokwe ya pa intaneti ya majini a mafangasi, mwa kufufuza kuchokera mbali zonse ziwiri, kuti mwagwira iti.

Funso lanu lachiwiri ndi limene ndikufuna mulilingalire mofatsa, chifukwa ambiri amaterereka pamenepa. Ayi, musalembe kuti SCC1 ndi jini yoyambitsa matenda. Fangasi wakufa sadwalitsa chimanga, koma zimenezo sizitiuza kanthu za mmene matenda amayambira. Ngakhale mutapeza mtundu wofooka umene ukukula mwapang'onopang'ono, kulephera kwake kuwoletsa chimanga kukhoza kungokhala chifukwa chakuti ukukwawa pa chilichonse, pa agar ndi pa mbewu pomwe. Jini imene imayenera dzina limenelo imaoneka mosiyana. Mukachotsa TRI5 mu Fusarium graminearum, fangasi amakula bwino pa mbale, amalowa ndithu m'duwa la tirigu limene mwamuika, koma popanda poizoni wa deoxynivalenol amalephera kufalikira m'ngala yonse. Mukachotsa PMK1 mu Magnaporthe oryzae, monga anachitira Jin-Rong Xu ndi John Hamer mu 1996, fangasi amamera pa mbale koma sapanga chida chobowolera tsamba. Pamenepo kusiyana kwa moyo wa pa mbale ndi moyo wa pa mbewu kukuonekera poyera. Ngakhale FUM1 ya fangasi wanuyo, imene imayambitsa kupanga poizoni wa fumonisin, ikachotsedwa chimanga chimawolabe, zimene zikusonyeza kuti dzina limeneli silipatsidwa mwachisawawa.

Komabe sindikunena kuti cohesin ilibe gawo pa matenda. Ili nalo, ndipo kwa ine ndi lokopa kuposa dzina limene mumafuna kuipatsa.

Mbali yoyamba ndi ya nthawi. Kanjere ka Magnaporthe oryzae, fangasi wa matenda a blast pa mpunga, kamakhala ndi maselo atatu. Kakagwera pa tsamba lonyowa ndi mame kamatulutsa kaulusi, ndipo kumapeto kwake kumatupa kachotupa kozungulira kotchedwa appressorium. Kachotupaka kamadzikuta ndi melanin, kamadzaza glycerol, madzi n'kumalowa mpaka mphamvu ya mkati kufika pa 8 MPa, ndipo ndi mphamvu imeneyo kamaboola khungu la tsamba. Gulu la Nick Talbot, panthawiyo ku Exeter, linaonetsa mu 2006 kuti zonsezi zimamangirira pa kugawikana kumodzi kwa nyukiliyasi. Nyukiliyasi imodzi imagawika, mwana wake n'kulowa mu appressorium, kenako kanjere konse kamadzigaya kokha chakudya chake n'kupita kutsogolo. Mu 2010 Diane Saunders ndi anzake m'gulu lomwelo anaonetsa kuti ukaletsa kukopera DNA ndi hydroxyurea appressorium siyamba n'komwe, ndipo ukasokoneza APC kuti nyukiliyasi ikanirire mkati mwa kugawikana, appressorium imaoneka koma matenda sayamba. Kumbukirani kuti APC ndiyo imaphwanya securin kuti separase idule Scc1. Ndiye kutseguka kwa mphete ija kuli m'kati mwenimweni mwa njira imene fangasiyu amalowera m'tsamba. Ustilago maydis, amene amatupitsa chimanga n'kuchidzaza ufa wakuda, amachita zosiyana: maselo awiri akakwatirana, ulusi wolowa m'mbewu umaimitsa kugawikana pa gawo la G2, DNA itakoperedwa kale, ndipo umayambiranso utalowa mkati. Nthawi yonse yodikirayo mapasa aja ayenera kukhala ogwirana. Mafunso abwino a cohesin ali pamalo ngati amenewa, pamene kugawikana kumodzi kokha kukalakwika matenda onse amalephereka.

Mbali yachiwiri ndi imene ndingakonde mutaikapo mtima wanu, chifukwa fangasi wanu ali nayo. Mafangasi ambiri odwalitsa mbewu ali ndi makromozomu a mitundu iwiri: ofunika pa moyo, amene sasowa mu mtundu uliwonse, ndi ena owonjezera, kawirikawiri ang'onoang'ono, amene akhoza kutayika fangasi osafa. Mu 1991 Vivian Miao, Sarah Covert ndi Hans VanEtten anaonetsa kuti Nectria haematococca, wodwalitsa nsawawa, amanyamula jini yophwanyira pisatin, mankhwala amene mbewuyo imadzitetezera nawo, pa kromozomu yaing'ono yotere. Mu 2010 Li-Jun Ma ndi gulu lalikulu la ofufuza, kuphatikizapo a Martijn Rep a ku Amsterdam, anaonetsa chinthu chimene chinadabwitsa ambiri: Fusarium oxysporum wofotetsa matimati ali ndi makromozomu 15, ndipo ya nambala 14, imene ili ndi majini ambiri ogonjetsera mbewu, ikhoza kusamukira ku mtundu wosadwalitsa wotchedwa Fo47 akangokulira pamodzi, mtunduwo n'kuyamba kudwalitsa matimati. Zymoseptoria tritici wa masamba a tirigu ali ndi makromozomu 21 mu mtundu wa IPO323, ofunika 13 ndi owonjezera 8. Owonjezerawo amatayika kapena kubwerezedwa pa meiosis, ndipo gulu la Eva Stukenbrock ku Germany linaonetsa mu 2018 kuti amatayikanso kawirikawiri pa kugawikana wamba, makamaka kukatentha.

Nkhaniyi si yakutali ayi. Blast wa tirigu anaonekera koyamba ku Paraná ku Brazil mu 1985, anafika ku Bangladesh mu 2016, ndipo m'nyengo ya mvula ya 2017 mpaka 2018 anapezeka m'boma la Mpika ku Zambia, koyamba mu Africa. Kufufuza kwa majini kunaonetsa kuti wa ku Zambia ndi wa ku Bangladesh ndi a mzere umodzi wochokera ku South America, wotchedwa B71, ndipo mtundu wa B71 womwewo uli ndi kakromozomu kakang'ono kowonjezera konyamula majini ena othandiza kugonjetsa mbewu.

Ndiye funso ndi ili: n'chifukwa chiyani makromozomu amenewa amatayika kuposa anzawo, pamene onse ali m'nyukiliyasi imodzi ndipo amakokedwa ndi ulusi wa spindle womwewo? Munthu angaganize kuti vuto lili pa centromere, pamalo pamene ulusi wokoka umagwira, koma mu Zymoseptoria anapeza mu 2015 kuti ma centromere a makromozomu owonjezera sasiyana kwenikweni ndi a ofunika. Chimene chimasiyana ndi mmene DNA yakulungidwira. Makromozomu owonjezera amakhala ndi chizindikiro chambiri cha H3K27me3 pa ma histone awo, mapuloteni amene DNA imakulungidwapo, ndipo Mareike Möller ndi anzake anaonetsa mu 2019 kuti ukachotsa jini yoika chizindikirocho, kutayika kumachepa. Tikudziwanso kuchokera ku S. pombe kuti kakulungidwe ka DNA pafupi ndi centromere ndiko kamaitana cohesin yambiri pamenepo kudzera m'puloteni ya Swi6. Onjezerani kuti kromozomu yaifupi ili ndi malo ochepa okhalapo mphete kusiyana ndi yaitali. Mukaika zinthu zitatuzi pamodzi, muli ndi maganizo oti n'kuwayesa: kuti kugwirana kwa mapasa kukafooka pang'ono, makromozomu owonjezera ndiwo amayamba kugwa. Ameneyo ndi maganizo oyesa, osati oti mulembe ngati zotsimikizika, koma ndi amene angathe kunyamula digiri yonse.

Ndipo muli pabwino, chifukwa Jin-Rong Xu ndi John Leslie ku Kansas State University anaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti F. verticillioides, kuwonjezera pa makromozomu 11 aakulu, ali ndi ya nambala 12, yaing'ono kwambiri, imene imatha kusowa mwa ana ena pambuyo pa meiosis fangasi n'kumakhalabe ndi moyo. Muli ndi choyezera chanu chachibadwa m'fangasi amene ali kale m'firiji mwanu.

Kutayika ndi kubwerezedwa kwa makromozomu kumakhudzanso kupirira mankhwala. Umboni woonekeratu unachokera ku mafangasi odwalitsa anthu. Mu 2006 Anna Selmecki, Anja Forche ndi Judith Berman anaonetsa kuti Candida albicans amapirira fluconazole pobwereza mbali ya kumanzere ya kromozomu 5, imene ili ndi ERG11, jini ya puloteni imene mankhwalawo amalimbana nayo. Cryptococcus neoformans amachita zofanana pokhala ndi makope awiri a kromozomu 1. Mankhwala a gulu la azole amene alimi amapopera amalimbana ndi puloteni ya banja lomwelo, CYP51. Apa pali phunziro lofunika pa funso lanu lachitatu: mankhwala amene angofooketsa kugwirana kwa makromozomu osapha fangasi akhoza kuchulukitsa mitundu yokhala ndi makromozomu osakwanira kapena opitirira, ndipo pakati pa mitundu imeneyo ndi pamene pamatuluka yopirira.

Tinene tsono za mankhwala. Kulimbana ndi kugawikana kwa makromozomu si maganizo atsopano. Benomyl, amene DuPont inatulutsa mu 1968, ndi carbendazim amene amachokera mwa iye, amakangamira pa beta-tubulin, puloteni yomanga ulusi wa spindle. Anagwira ntchito modabwitsa, koma pasanathe zaka zambiri mafangasi ngati Botrytis cinerea ndi Venturia inaequalis anayamba kuwapirira, chifukwa kusintha kwa amino asidi imodzi yokha, pamalo a 198 kapena 200, kumakwanira. Chosangalatsa kwa inu n'chakuti mu labotale benomyl wochepa ndi amene ofufuza amagwiritsa ntchito dala pofuna kuti fangasi ataye kromozomu yowonjezera, ndipo anachita zimenezi pa Nectria ndi pa Fusarium oxysporum pomwe.

Vuto la cohesin ndi lakuti si ya mafangasi okha. Chimanga chili nayo: jini yake ya afd1 ndi REC8, ndipo ikawonongeka meiosis imasokonekera mbewu n'kukhala yosabereka. Inu ndi ine tili nayo, ndipo matupi athu sapirira ngakhale kuchepa kwake pang'ono. Matenda obadwa nawo a Cornelia de Lange, monga kunadziwikira mu 2004, kawirikawiri amabwera chifukwa kope limodzi lokha la NIPBL, imene ndi Scc2 ya anthu, lawonongeka, linalo lili bwinobwino. Matenda a Roberts amachokera ku ESCO2, m'bale wake wa Eco1. Mitu ya Smc1 ndi Smc3, pamene pamakhala ATP ndipo pamene mankhwala akanakangamira mosavuta, ndi mbali zimene zimafanana kwambiri kuyambira ku yisiti mpaka kwa munthu. Mlimi wopopera popanda zodzitetezera, ndi mwana wodya nsima ya chimanga chimenecho, ndi amene ayenera kukhala m'maganizo mwanu mukamalemba chiganizo chakuti jiniyi ingakhale polowera mankhwala.

Sindikutseka khomo. Phenamacril, mankhwala opangidwa ku China, amalimbana ndi myosin, puloteni imene ifenso tili nayo, koma amagwira myosin ya mitundu ina ya Fusarium yokha chifukwa kathumba kamene amalowamo n'kosiyana. Ndiye kufanana kwa banja la puloteni sikuletsa kusankha, koma kumafuna kuti munthu aonetse ndi mamangidwe a puloteni pamene pali kusiyanako. Pa cohesin ndingayang'ane polumikizana mapuloteni, monga pamene securin imagwira separase, popeza securin imasiyana kwambiri pakati pa zamoyo. Njira ina ndi ya RNA, imene imasankha potengera kalembedwe ka jini osati maonekedwe a puloteni, ndipo pakati pa SCC1 pamene pamasiyana kwambiri paja pangakhale poyenera. Mu 2013 Aline Koch ndi anzake ku Giessen anaonetsa kuti balere wopanga RNA yolimbana ndi majini a CYP51 amadziteteza ku F. graminearum, ndipo mu 2017 gulu la Monica Schmidt ku Arizona linagwiritsa ntchito njira yomweyo kuletsa Aspergillus kupanga aflatoxin m'chimanga. Koma si fangasi aliyense amene amamvera: Ustilago maydis anataya majini ogwiritsira ntchito RNA yotere, ndipo Zymoseptoria tritici sailandira bwino kuchokera kunja.

Nditakhala pa benchi yanu, SCC1 ndikanaimaliza ndi umboni wa heterokaryon uja, zithunzi zake zabwino ndi PCR yake, n'kuisiya pamenepo ngati mutu woyamba. Kenako ndikanatembenukira ku majini a gulu lomweli amene mu yisiti amachotseka selo osafa: CTF18, CTF8, DCC1, CTF4, CHL1, WPL1 ndi SGO1. Amenewa amafooketsa kapena kusintha kugwirana popanda kukuthetsa, ndipo ndi amene angakupatseni fangasi wamoyo woti mumuyeze. Musadalire kwambiri mndandanda wa yisiti imodzi, chifukwa PDS5 ndi yosachotseka mu S. cerevisiae koma imachotseka mu S. pombe, pamene securin ndi mosemphanitsa. Mtundu uliwonse umene mwapeza muuyeze kakulidwe pa mbale musanapite nawo ku chimanga, muuike pa mankhwala osokoneza DNA a MMS, camptothecin ndi hydroxyurea, komanso pa benomyl wochepa, popeza cohesin imathandizanso kukonza DNA yoduka, ndipo mubwezeretse jini yathunthu kuti muone ngati vuto likutha. Popanda kubwezeretsako palibe woyesa mayeso amene angakukhulupirireni. Ngati mukufunabe kuona SCC1 ikuzima fangasi ali mkati mwa mbewu, ikani jiniyo pansi pa promoter, chidutswa cha DNA choyatsira jini, yoyatsidwa ndi kuzimitsidwa ndi doxycycline, kapena tsatirani njira ya gulu la Talbot yotengera kusintha kodziwika kwa Aspergillus kumene kumalepheretsa puloteni kukatentha kokha.

REC8 ndi imene ndingayambire, chifukwa iyenera kuchotseka mosavuta ndipo zotsatira zake n'zomveka. F. verticillioides sadzikwatira yekha: pamafunika mtundu wa MAT1-1 ndi wa MAT1-2, ndipo amakwatitsidwa pa agar wa karoti. Chotsani REC8 m'mbali zonse ziwiri, chifukwa mukachotsa mbali imodzi, kope la mnzakeyo likhoza kubisa vutolo. Finyani ma perithecia, timatumba takuda totuluka pa kukwatiranako, pakati pa magalasi awiri, muwerenge tinjere m'thumba lililonse, muone kuti timene tikumera ndi tingati, kenako mwa timene tamera mufufuze ndi PCR kuti kromozomu 12 ilipo kapena yasowa. Musanayambe zonsezi, tsimikizani kuti mtundu wanu wochokera m'chimanga chowola uja uli nayo kromozomu 12, pogwiritsa ntchito gel ya CHEF, yolekanitsa makromozomu athunthu, ngati ilipo kumene mukuphunzira, kapena potumiza DNA yake kuti akaiwerenge yonse. Ndipo chimanga chimene mwathira fangasi pomuyesa muzichigwira mutavala magolovesi ndi chotchinga pamphuno, n'kuchiphika mu autoclave kenako n'kuchitaya mosamala, chifukwa fumonisin saphwanyika msanga ndi kutentha ndipo chimanga chotayidwa kuseri kwa labotale chimatoledwa ndi nkhuku kapena anthu.